Mmene mungakumbutsire boma malonjezo ake, mawu anu n'kumveka

Kudandaula Amalawi timakutha. Timadandaula m'minibasi, pa chigayo, pa mzere wa mafuta, pa siwa ngakhalenso pa Facebook. Vuto ndi loti madandaulo ambiri amathera pomwe ayambira. Amakhala opanda tsiku, opanda chiwerengero, ndipo posakhalitsa amasanduka chipongwe. Wandale chipongwe sachiopa chifukwa sichifuna yankho. Chimene chimamusowetsa tulo ndi munthu wodekha amene akumuwerengera mawu ake omwe, n'kumufunsa kuti zidafika pati.

Malangizo awa ndalembera munthu amene wakwiya ndipo akufuna mkwiyo wakewo ugwire ntchito. Zitsanzo zambiri ndazitenga mu ulamuliro wa mgwirizano wa Tonse wa 2020 mpaka 2025, chifukwa udatha ndipo tingathe kuuona wonse, kuyambira pa nsanja ya kampeni mpaka pa tsiku loponya voti. Koma njira yake ndi ya boma lililonse, kuphatikizapo limene lili pampando lero.

1. Pezani lonjezo monga momwe lidanenedwera

Musayambe ndi mawu akuti "adatinamiza". Yambani ndi funso: adati chiyani kwenikweni, adanenera kuti, liti, ndipo adanena ndani? Lonjezo lolembedwa mu manifesito ya chipani ndi lolemera kuposa limene munthu wina adalankhula pamsonkhano atatengeka ndi nthungululu za amayi. Lonjezo lotuluka pakamwa pa mtsogoleri mwini wake ndi lolemera kuposa la wapampando wa dera.

Gulani kope la sukulu, lomwe lija la ana a pulayimale, mulisandutse buku la malonjezo. Aliyense amene adalowapo banki m'khonde amadziwa kuti tsiku logawana ndalama sakangana ndi mawu ayi, mlembi amangotsegula buku, aliyense n'kuona zimene adatenga ndi tsiku lake. Inunso chitani chimodzimodzi. Tsamba lililonse likhale la lonjezo limodzi. Pamwamba lembani mawu ake, tsiku, malo ndi kumene mwawapeza: nyuzipepala yake, wailesi yake, kapena tsamba la manifesito. Ngati ndi kanema wa pa foni, musungeni pawiri, chifukwa zipani zimafufuta zinthu pa masamba awo zikayamba kuwawa.

Mu 2020 masamba oyamba a buku lotere akadakhala awa: ntchito 1 miliyoni m'chaka choyamba, thumba la feteleza pa K4,495, pasipoti pa K14,000, kulumikiza madzi ndi magetsi kwaulere, K15,000 pamwezi kwa okalamba, kudya katatu patsiku, ndiponso kuchepetsa mphamvu za mtsogoleri wa dziko. Taonani kuti ena mwa malonjezowa ali ndi nambala ndipo ena alibe. Yambani ndi okhala ndi nambala. Za "kudya katatu" wandale atha kuzizungulira mpaka dzuwa kulowa, koma K14,000 ndi K14,000 basi.

2. Sanjani malonjezo mwachilungamo

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Mtima ukapsa timafuna kunena kuti palibe ngakhale chimodzi chimene chidachitika. Mukatero, wa boma amangotchula chinthu chimodzi chimene adachitadi, ndipo zonse zimene mwanena zimagwa nazo pamodzi.

Choncho gawani malonjezo patatu: okwaniritsidwa, oyambidwa koma osafika, ndi osiyidwiratu. Boma la Tonse lidakwezadi malire a malipiro osadulidwa msonkho kufika pa K100,000 mu 2020. Lazarus Chakwera adapitadi ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso a aphungu, chinthu chimene malamulo amalola koma atsogoleri angapo am'mbuyo mwake sankachita. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Zimenezi zilembeni, ndipo muzinene poyera. Sizikufooketsani, zikupatsani mphamvu yonena zotsalazo anthu akukukhulupirirani.

Nkhani ya feteleza ndiyo imaphunzitsa bwino kusanja kumeneku. Chaka choyamba cha pologalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, alimi opitirira 3 miliyoni adaguladi thumba pa K4,495. Chaka chotsatira mtengo udakwera kufika K7,500, kenako K15,000, ndipo chiwerengero cha opindula chidayamba kutsika chaka ndi chaka. Mu 2022 kudamveka kuti K750 miliyoni ya feteleza idaperekedwa ku kampani ina ya ku Britain yochita malonda a nyama, ndipo nduna ya zaulimi idachotsedwa pampando. Ndiye munthu akanena kuti "feteleza wotchipa sadabwere", wanama, ndipo agonja pa mtsutso. Koma akanena kuti "adabwera chaka chimodzi pa mtengo wolonjezedwa, kenako mtengo udakwera kupitirira katatu ndipo anthu ambiri adachotsedwa m'kaundula", palibe mneneri wa boma amene angamugwedeze. Pasipoti nayonso chimodzimodzi: idatsikadi mu 2024 kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, koma K14,000 ija sidafike.

Kenako bweretsani nkhaniyo pakhomo. Pitani kwa amfumu kapena kwa alangizi a zaulimi mukafunse kuti m'mudzi mwanu adalembedwa anthu angati chaka chatha ndipo chaka chino angati. Onani mayi uja amene adagona pa depoti masiku angapo, chitupa cha unzika chili m'manja, ndalama atamangirira pa nsonga ya chitenje, n'kubwerera ndi thumba limodzi la NPK popanda Urea pamene chimanga chafika kale m'mawondo. Chiwerengero cha dziko lonse chikakumana ndi zimene mudaona ndi maso m'mudzi mwanu, mawu anu amalemera.

3. Tsatirani ndalama

Lonjezo limene mulibe mu bajeti silinayambe n'komwe. Nduna ya zachuma imapereka ndondomeko ya chuma ku Nyumba ya Malamulo chaka cha boma chisanayambe pa 1 April, ndipo nyuzipepala zimasindikiza mfundo zake zikuluzikulu. Fufuzani zinthu ziwiri: ndalama zimene adaika pa ntchitoyo, ndi zimene zidatulukadi. Kawirikawiri kusiyana kwa ziwirizi ndiye nkhani yonse. Yunivesite ya Mombera ku Mzimba adaiikira mwala wa maziko mu 2015, mu ulamuliro wa DPP, ndipo zaka zidadutsa popanda wophunzira kulowa m'kalasi. Mwala wa maziko si umboni wa chitukuko. Pitani pamalopo, jambulani chikwangwani cholembedwa dzina la kontilakita, mtengo wa ntchito ndi tsiku loyenera kumaliza, kenako jambulani zimene zilipo.

Malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma ndi a ofesi ya Ombudsman nawonso ndi chuma. Nkhani ya kusayenda bwino kwa K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi Covid-19 idatuluka poyera mu 2021 chifukwa cha kafukufuku wotere.

Ngati chimene mukufuna simukuchipeza, chipempheni. Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko lino, pamodzi ndi lamulo la Access to Information, zimakupatsani ufulu umenewu. Lembani kalata yaifupi kwa mkulu woona zopereka nkhani ku unduna kapena ku khonsolo. Musalembe mbiri ya mavuto anu onse. Funsani chinthu chimodzi chogwirika, mwachitsanzo: "Ndikupempha mndandanda wa ntchito zimene zagwiridwa ndi ndalama za thumba la chitukuko la CDF m'dera lathu chaka chatha, mtengo wa ntchito iliyonse ndi amene adapatsidwa ntchitoyo." Lembani makalata awiri ofanana, imodzi aidinde ndipo mubwerere nayo. Lamulo limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe. Akakana kapena akangokhala chete, mutha kukadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC, limene limayang'anira lamuloli. Ndipo kukhala chete kwawoko kulembeni m'buku, nakonso ndi yankho.

4. Mverani zifukwa zawo, kenako muziyese

Boma lidzakupatsani zifukwa, ndipo zina zidzakhala zoona. Covid-19 idalipodi. Nkhondo ya ku Ukraine idakwezadi mtengo wa feteleza ndi mafuta padziko lonse mu 2022. Namondwe Freddy adaphadi anthu ambiri ndi kukokolola minda m'chigawo cha kummwera mu March 2023. Kukana zimenezi ndi kudzipusitsa.

Yesani chifukwa chilichonse ndi mafunso awiri. Loyamba: kodi vutolo lidabwera lonjezo litaperekedwa kale, kapena lidalipo? Covid-19 idalowa m'Malawi mu April 2020, pamene chisankho chidachitika pa 23 June 2020. Amene adalonjeza ntchito 1 miliyoni adalonjeza mliri uli kale pakhomo. Lachiwiri: kodi vutolo likukhudzana ndi lonjezolo? Namondwe angagwetse mlatho, koma sangaletse mtsogoleri kuchepetsa mphamvu zake, kuchepetsa maulendo akunja, kapena kusankha nduna mosayang'ana chibale. Malonjezo osafuna ndalama ndiwo amaonetsa mtima weniweni wa boma. Ine ndimayambira pamenepo nthawi zonse.

5. Za mapepala ndi maudindo a mtsogoleri

Anthu akakhumudwa amayamba kufunsa kuti kodi munthuyu udokotala wake ndi weniweni, adaphunzira kuti, adayendetsapo chiyani. Mafunsowa ndi oyenera, koma pamafunika kusamala kwambiri, chifukwa ndi pomwe mabodza amaswana.

Yambani ndi lamulo. Gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko limafuna kuti wopikisana pa utsogoleri akhale nzika ya Malawi mwa kubadwa kapena mwa makolo, ndipo akhale wa zaka zosachepera 35. Pali zina zimene zimamuletsa, monga kupezeka wolakwa pa mlandu wa chinyengo m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Za digiri mulibemo. Choncho musanene kuti mtsogoleri akulamulira mosemphana ndi malamulo chifukwa choti mukukayikira sukulu yake. Nkhani ya mapepala ndi nkhani ya chilungamo: kodi zimene amadzitchula ndi zoona?

Siyanitsani mitundu itatu. Pali digiri yoigwirira ntchito ku sukulu yovomerezeka. Kamuzu Banda adali dokotala wa chipatala, adamaliza ku Meharry Medical College ku America mu 1937. Peter Mutharika adaphunzira zamalamulo ku London ndi ku Yale, n'kuphunzitsa zaka zambiri ku Washington University mumzinda wa St. Louis. Chakwera adaphunzira ku University of Malawi ndipo udokotala wake wa zaumulungu adautenga ku Trinity International University ku America. Pali digiri yaulemu, imene sukulu imangopereka pothokoza munthu, monga ya Bakili Muluzi ndi ya Joyce Banda. Imeneyi si yakuba, koma si umboni wa maphunziro. Ndiye pali digiri yochokera ku sukulu imene mabungwe oona za maphunziro sadaivomereze. Udokotala wa Bingu wa Mutharika udachokera ku Pacific Western University, sukulu ya ku America imene idalibe chivomerezo chotere, ndipo anthu adaifunsa nkhaniyi iye ali moyo.

Ngati mukukayika, pezani dzina la sukulu, chaka ndi phunziro lake. Onani ngati sukuluyo ili pa mndandanda wa zovomerezeka m'dziko lake. Kuno kwathu bungwe la NCHE ndilo limaona za sukulu zaukachenjede. Mukalephera kutsimikiza, funsani ngati funso, musalengeze ngati chigamulo. Chithunzi cha satifiketi chimene chikuzungulira pa WhatsApp si umboni, mwana aliyense wodziwa kompyuta atha kuchipanga.

Koma ndinene maganizo anga mosabisa: nthawi yambiri imene timataya pa mapepala ikadapindula tikadaiika pa mbiri ya ntchito. Talamulidwapo ndi dokotala, katswiri wa zachuma, pulofesa wa zamalamulo ndi m'busa amene adatsogolera mpingo wa Assemblies of God kwa zaka zoposa 20. Aliyense adabwera ndi udindo wolemekezeka kutsogolo kwa dzina lake, ndipo aliyense tidadzamufunsa mafunso omwewo a chimanga, mankhwala ndi katangale. Funso lopindulitsa ndi ili: munthuyu adatiuza kuti ndi ndani, ndipo zochita zake zikugwirizana ndi zimenezo? Amene adadzigulitsa ngati mtsogoleri wotumikira mufunseni za kudzichepetsa ndi kusakondera. Amene adadzigulitsa ngati wodziwa kuyendetsa chuma mufunseni za mtengo wa thumba la chimanga ndi mafuta. Mtundu wake, chipembedzo chake, banja lake ndi maonekedwe ake zisiyeni. Mukangozikhudza, theka la omvera anu lichoka, ndipo lichoka ndi chifukwa chomveka.

6. Sankhani poyankhulira

Yambani pafupi. Khansala ndi phungu wanu ndi amene mungathe kuwaona maso ndi maso, pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kapena ya m'dera (ADC). Imirirani mwaulemu, munene kuti: "Olemekezeka, chaka chakuti pa bwalo la sukulu ino mudanena kuti mlatho uwu umangidwa mvula isanagwe. Tikupempha mutiuze pamene zafika." Mwawapatsa ulemu wawo wonse, koma funso lakhala chiimire. Mupempheninso phungu kuti akafunse nduna ku Nyumba ya Malamulo, chifukwa yankho la kumeneko limalembedwa ndipo silifufutika.

Pa wailesi, mukaimba foni mumakhala ndi mphindi imodzi kapena ziwiri mayunitsi asanathe. Lembani zonena zanu papepala musanaimbe: lonjezo limodzi, tsiku lake, zimene zilipo lero, funso limodzi. Pa Facebook chimodzimodzi. Nkhani imodzi pa uthenga umodzi, chithunzi chimene mudajambula nokha, ndi kumene mwapeza manambala anu. Obwera kudzakutukwanani mu ndemanga musalimbane nawo, ena adatumidwa kuti akuchotseni pa mutu wa nkhani.

Ndipo musayende nokha, mutu umodzi susenza denga. Mbiri yathu ikuonetsa kuti mawu olembedwa bwino ndi gulu amagwedeza mpando. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 idatsegula njira ya zipani zambiri. Mu February 2024 maepiskopi adalembanso kalata yonena kuti m'malo mofika ku dziko lolonjezedwa, Amalawi adafikitsidwa ku Bagamoyo, doko la ku Tanzania kumene kale ankasonkhanitsira akapolo. Mawuwo adaluma chifukwa adayankha lonjezo la Chakwera lofikitsa Amalawi ku Kenani ndi chilankhulo chake chomwe. Komiti ya mpingo kapena mzikiti, kalabu ya alimi, bungwe la ochita malonda mumsika, onsewa angathe kusayinira kalata imodzi.

7. Dziwani pamene lamulo likukutetezani ndi pamene lingakulumeni

Gawo 35 limateteza ufulu wolankhula, gawo 38 ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere. Gawo 12 limanena kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo wolamulira amazigwira pokhapokha anthu akupitiriza kumukhulupirira. Kudzudzula boma si mlandu. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idachotsa malamulo akale okhudza mawu oukira boma, ndipo mu July 2025 khoti lidagamula kuti kuipitsa mbiri ya munthu kusakhalenso mlandu womangitsa.

Komabe lamulo la 2016 loona za pa intaneti lidakalipo, ndipo anthu akhala akumangidwa nalo chifukwa cha zolemba pa Facebook ndi mauthenga a mawu a pa WhatsApp. Munthu angathenso kukusumirani kuti mumulipire ngati mwamunamizira. Ndiye musatchule munthu kuti wakuba popanda chigamulo cha khoti kapena lipoti lodziwika. Nenani zimene lipoti lanena, mutchule lipotilo. Musaopseze, musatukwane, musatumize uthenga umene simukudziwa gwero lake. Ngati ndinu wogwira ntchito m'boma, werengani malamulo a ntchito yanu kaye. Apolisi akakuitanani, dziwitsani achibale ndi loya musanapite, ndipo kumbukirani kuti womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48.

8. Zionetsero zibwere pambuyo

Msewu ndi wa pamene makalata ndi mafunso zakanika. Lamulo la apolisi limafuna kuti okonza zionetsero adziwitse DC molemba, pasadakhale maola osachepera 48, atchule njira, nthawi ndi atsogoleri ake. Kumeneku ndi kudziwitsa, si kupempha chilolezo, ngakhale maofesi ena amachita ngati ndi chilolezo. Konzani anthu anu osungitsa bata ovala zowazindikiritsa, chifukwa sitolo imodzi ikathyoledwa, nkhani ya madzulo pa wailesi ikhala ya sitoloyo, ndipo okonza angathe kulipitsidwa zowonongeka. Pa 20 July 2011 ndi tsiku lotsatira tidataya anthu 20. Amene akuitanira anthu kumsewu asenze udindo umenewu ndi mtima wonse.

Chikalata chokapereka chikhale chachifupi: mfundo zitatu kapena zinayi, iliyonse ndi tsiku limene mukufuna yankho. Wolandira asayine, ndipo tsikulo likakwana mubwerere.

9. Bukulo lisatsekedwe boma likasintha

Gawo 64, limene linkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu adalichotsa mu 1995. Chotsalira m'manja mwathu ndi kufunsa kosalekeza ndi voti. Ndipo voti imaluma: Chakwera adapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 aliwonse mu 2020, koma pa 16 September 2025 adapeza 33 okha, Peter Mutharika n'kubwerera ndi pafupifupi 57. Akuluakulu adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane.

Chimene chimandiwawa ndi kuona anthu amene ankawerenga malonjezo a boma lapitalo mokweza atangoti zii chipani chawo chitalowa, ndipo amene ankati "apatseni nthawi" ndiwo asanduka ofuula. Muyeso ukhale umodzi. Pezani manifesito ya chipani chimene chikulamula lero, mutsegule masamba atsopano m'kope lija, mulembe malonjezo asanu okhala ndi nambala ndi asanu osafuna ndalama. Pansi pa lililonse siyani mizere yolembapo miyezi itatu iliyonse: mtengo wa thumba la chimanga pa msika wanu, mtengo wa feteleza, masiku amene pa chipatala chanu padalibe mankhwala, ndi zimene phungu adayankha. Bajeti yotsatira ikawerengedwa, khalani pansi ndi anzanu awiri kapena atatu, muyerekeze ndi zimene zili m'kopemo, kenako mulembe kalata yanu yoyamba.